Tsiku limene ndinafungatira mazira a apongozi

Ndiyambe ndi kupepesa kwa aliyense amene anandionapo ndikudutsa pamsika wa pa boma pano ku Lundazi, nditavala jekete, n'kumaganiza kuti ndine munthu wolemekezeka. Kuli mudzi wina kudera la Magodi kumene amayi akandiona ndikutulukira pa njinga amayamba kutetera ngati nkhuku yofuna kuikira. Amatero mwaulemu ndithu, chakumbali, ena atatseka pakamwa ndi chitenje, koma ndimamva. Ndaona kuti ndi bwino nkhaniyi muimve kwa mwiniwakene, chifukwa mmene akuifotokozera kumeneko yayamba kunenepa.

Ine kwathu ndi ku Kasungu. Ndinabwera kuno ndili mnyamata, ndikugulitsa zitenje ndi mabeseni, kenako ndinakwatira n'kukhazikika. Masiku ano ndimagwira ntchito pa kashopu kolembera anthu makalata pa kompyuta: ofunsira ntchito, oitanira anthu ku ukwati, odandaula kuti mbuzi za aneba zadya ndiwo za m'dimba. Ndimalemba mofulumira, osayang'ana zala. Luso langa limathera pomwepo. Koma kwawo kwa mkazi wanga, mayi a Wongani, amakhulupirira kuti chilichonse chokhala ndi waya ine ndimachidziwa, ndipo sindinawatsutsepo. (Mukanakhala inu mukanatsutsa? Ndine mkamwini wochokera kutsidya kwa malire, ndilibe ng'ombe, pulawo ndikaigwira mzere umakhota. Ulemu wa kompyutawo ndi umene ndinali nawo.)

Chaka chatha chitopa chinasesa nkhuku m'mudzimo. Kunatsala atambala awiri ndi kathadzi kamodzi kotsimphina. Mlamu wanga Suzgo, mlongo wake wa mkazi wanga, amene amakonza zamagetsi ku Chipata, anawamvera chisoni amayi ake ndi anzawo a m'gulu loweta nkhuku. Anatenga firiji yakufa, n'kuikamo chotenthetsera, kafani, ndi mashelefu opendekeka okha kuti mazira azitembenuzika. Pambali anamangirira kakompyuta kakang'ono ngati sopo wochapira wodulidwa pakati, ndi kasikirini kake kofanana ndi chikhatho cha munthu wamkulu. Kameneka ndi kamene kamamva kutentha kwa m'firijimo, n'kumayatsa ndi kuzimitsa chotenthetsera. Kakayatsa kapena kuzimitsa kamalira kuti "tche!" Magetsi amachokera ku sola ya padenga ndi batire.

Malamulo onse a makinawo Suzgo anawalemba m'fayilo imodzi ya mizere yochepa, m'Chinyanja, kuti amayi aziwerenga okha. Mzere wina umati "tembenuza: inde". Dzira la nkhuku limaswa pakatha masiku 21, koma likafika tsiku la 18 silifunanso kugwedezedwa, chifukwa kamwanapiye kamakhala kakudzikonza kuti katuluke. Tsiku limenelo munthu ayenera kutsegula fayiloyo, kufufuta "inde", kulemba "ayi". Ntchito yonse ndi imeneyo. Zilembo zitatu.

Ulendo woyamba anasintha ndi Suzgo mwiniwake. Ulendo wachiwiri ntchito inamupanikiza ku Chipata. Vuto linali lakuti pulogalamu yolembera imene inali m'kakompyutamo inali yamdima bii, tizilembo tating'ono ngati nyerere, ndipo mausi siimudziwa. NyaZimba, mlembi wa gululo, mayi wa pakamwa posachedwa, anayeserako tsiku lina. Kulowa analowa, koma potulukira sanapaone. Akuti anadina batani lililonse mpaka anayamba kuipempha mwaulemu.

Ndiye Suzgo anandiimbira foni.

"Mulamu, thandizani amama. Ine siningabwele. Ikaniko kolembela kena kopepuka, kosewenza na mausi, kakuti amama aziona malemba bwino-bwino. Dzina nakutumilani pa foni. Kameneko chabe, mulamu. Memore yake ni ing'ono maningi."

"Osadandaula, alamu," ndinatero. "Izi ndi zathu za tsiku ndi tsiku."

Mawu akuti memore ndinkawadziwa mmene munthu amadziwira dzina la tauni imene anangoidutsa pa basi. Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti ndi mpata umene kompyuta imagwirirapo ntchito, ngati tebulo la telala: likakhala laling'ono suyalapo nsalu ya tenti.

Tsiku lomwelo kuntchito ndinafufuza dzina lija pa intaneti. Nditaona chithunzi chake mtima unagwa. Kanali kapulogalamu koyera mbee, kopanda chokongoletsa chilichonse, ngati tsamba long'ambidwa m'kope la mwana wa giredi yoyamba. Mabatani anayi kapena asanu pamwamba, basi. Ndinadzifunsa kuti: ine ndipalase njinga mtunda wonsewo, amayi a m'mudzi asiye kukolola mtedza kudzandionerera, kuti ndikaike kapepala aka? Suzgo ndi mnyamata wabwino, koma sadziwa zimene mkamwini amadutsamo.

Ndinafunsa intaneti kuti yolembera yopambana zonse ndi iti. Inandionetsa chimphona. Chinali ndi mitundu isanu ndi iwiri, mawindo m'mbali ndi pansi, ndipo amati ukangolemba chilembo chimodzi chimalosera chokha zimene ukufuna kunena. Anthu a m'maofesi akuluakulu kunja akuti ndi chimene amagwiritsa ntchito. Ndinachikopera pa fulashi (ndinasankha ndithu cha mtundu wa kakompyuta kaja, musandiyese mbuli yotheratu), ndipo chinatenga nthawi yonse ya nkhomaliro kuti chitsike. Kakang'ono kaja ndinakakoperanso, kanatsika ndisanaphethire n'komwe. Sindinakatenge chifukwa cha nzeru ayi. Ndinkafuna kukaonetsa amayi kusiyana kwake.

Tsiku la 18 linagwa Loweruka, m'mwezi wa Juni, kukuomba kamphepo kaja kong'amba milomo. Mayi a Wongani anali atatsogola dzulo lake. Ine ndinanyamuka m'mawa pa njinga, jekete pamwamba, miyendo ya thalauzi nditaipisa m'sokosi kuti tcheni lisaidye, fulashi ili m'thumba la pachifuwa.

Ndinapeza amayi asanu ndi atatu atakhala pakhonde la kanyumba ka firijiyo. "Monire, adada!" "Mwatandala uli?" Ndinayankha ndi Chitumbuka changa cha pamsika, iwo n'kuseka monga amachitira nthawi zonse. Wapampando wa gululo ndi apongozi anga aakazi. Anakhala chapatali, pansi pa mtengo wa mango, atayang'ana kumbali.

Apa ndifotokoze kanthu. Pa zaka khumi ndi chimodzi zimene ndakhala pa banja, apongozi anali asanandilankhulepo maso ndi maso. Si chidani, ndi ulemu. Tikakumana panjira wina amapatukira m'tchire. Akafuna kundiuza kanthu amauza mwana wawo, ine ndili pomwepo, mwana wawoyo n'kubwereza ngati ndinali ku Kasungu. Amalankhula Chitumbuka, koma pano ndikumasulirani.

"Auzeni awiske Wongani," anatero apongozi (ndine ameneyo, bambo a Wongani), "kuti ntchito ndi yaing'ono, asavutike kwambiri. Mazira awa tinachita kukawatola kutali, ena mpaka ku Kapichila. M'mudzi muno mulibe thadzi loti n'kuwafungatira."

"Akuti nchito ni ing'ono," anatero mayi a Wongani.

"Auzeni amama kuti lero aona zinthu," ndinatero ine.

Mawu amenewo ndimawakumbukira kawirikawiri.

Ndinalowa m'kanyumbamo, n'kukhala pa kampando pafupi ndi firiji. Kudzera pa galasi limene Suzgo anaika pachitseko ndinaona mazira atandandalika, oposa zana, lililonse lili ndi chizindikiro cha pensulo cha mwiniwake: ili mtanda, ili kadontho, ili chilembo. Pambali pake panapachikidwa choyezera kutentha chagalasi, chokhala ndi kamzere kofiira kamene Suzgo anajambula pamene kutentha kuyenera kuima. Kakompyuta kanalira "tche!" Ndinalumikiza kiyibodi ndi mausi, n'kubaya fulashi.

Chimphona chinayamba kulowa. Chinalowa pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokana dibi. Amayi anadzaza pakhomo. Pakati pa ntchitoyo panatuluka kauthenga ka Chingerezi konena kuti malo atsala ochepa, kodi ndipitirize? Ndinadina kuvomera. Panatulukanso ena: kodi chiike zothandizira zake? Inde. Kodi chizitseguka chokha nthawi zonse kompyuta ikayaka? Inde. Ndinkadina mofulumira kuti amayi aone kuti munthuyu safunika kuwerenga.

"Manje yamene anakamba Suzgo ni yameneyi?" anafunsa mayi a Wongani, atandiweramira paphewa.

"Iyi ndi mkulu wake," ndinayankha.

Patapita nthawi chinatseguka. Kukongola kwake! Buluu, chikasu, chobiriwira, zonse pa kasikirini kaja. Amayi anati "Eee!" onse pamodzi. NyaZimba anaomba m'manja. Ndinamva kuti zaka khumi ndi chimodzi za mizere yokhota zafufutika. Ndinatembenuka pang'ono kuti ndione ngati apongozi akusuzumira, ndipo ankasuzumira ndithu, pa zenera.

Ndinagwira mausi kuti nditsegule fayilo ija. Kamuvi ka pa sikirini kanayenda pang'ono n'kuima. Ndinagwedeza mausi. Kanadumpha kamodzi, patapita nthawi, n'kukaima pakona. Ndinapukuta mausi pa thalauzi. Ndinamuuzira mpweya kunsi. Kamuvi kanangoti zii.

"Ikuganiza," ndinawauza amayi. "Zazikuluzikulu zimayamba zaganiza."

Tinaidikira kuti iganize. Panapita mphindi zisanu, khumi. Ndinayamba kuwafotokozera za maofesi akunja. Ndili pakati pa nkhaniyo NyaZimba anakweza dzanja ngati ali m'kalasi.

"Adada, pepani. Kaja kolira kaja kasiya liti?"

Tonse tinatchera khutu. Kunalibe "tche". Kanyale kofiira ka chotenthetsera kanali koyaka, ndipo nditaganiza bwino, kanali koyaka chiyambire kutseguka kwa chimphona. NyaZimba anasuzumira pa galasi. Kutentha kunali kutadutsa kamzere ka Suzgo, kukukwerabe. Chimphona chinali chitadya memore yonse, moti pulogalamu yosamala mazira inasowa popumira. Inakomoka chotenthetsera chili choyaka.

"Palibe vuto," ndinatero, mawu atachepa. "Tingozimitsa n'kuyatsanso."

Ndinazula waya wa kakompyuta, n'kuwerenga mpaka khumi, n'kubwezera. Kanayaka. Kanalira "tche!" mtima wanga n'kukhala pansi, osazindikira kuti kayatsanso chotenthetsera. Kenako, monga ndinachilamulira ndekha ndi chala changa, chimphona chinatseguka chokha, buluu, chikasu, chobiriwira, zonse n'kuumanso gwa. Ndinazula kachiwiri. Chimodzimodzi. Kachitatu ndinayesa kuchithamangira ndi mausi kuti ndichitseke chisanadzuke, koma chinandipambana. Thukuta linayamba kutsika m'khosi, m'mwezi wa Juni.

Mawu a apongozi anamveka pa zenera, odekha kwambiri.

"Afunseni awiske Wongani ngati tiwaphikire ndi mchere womwe."

Mayi a Wongani sanabwereze. Panalibe chifukwa.

Kuchokera pamenepo ulamuliro unachoka m'manja mwanga. Apongozi analowa m'kanyumbamo, chinthu chimene sakanachita ine ndili momwemo tsiku lina lililonse. Anazula okha waya wa chotenthetsera, n'kutsegula chitseko cha firiji. Mpweya umene unatuluka unali ngati wa mu uvuni wa masikono. Analamula kuti mazira onse atuluke msanga. Koma panja panali kamphepo kaja, ndipo dzira la masiku 18 likazizidwa nthawi yaitali ndiye kuti latha. Panalibe nthawi yoti n'kutenthetsa madzi owafunditsira. Mayi aliyense anatenga mazira ake ndi a mnzake, n'kuwaika pamimba m'kati mwa bulauzi, n'kumanga chitenje mwamphamvu pansi pake. Anachita mwakachetechete, mofulumira, ngati anaphunzira kale.

Atatha onse, pa shelefu panatsala mazira khumi ndi anayi. Amayi onse anali atadzaza. Mayi a Wongani sakanatenga, chifukwa anali atatumidwa kale kuthamangira pa chulu cha kuseri kwa khola la ng'ombe, malo okhawo m'mudzimo amene foni imagwira, kuti akaimbire Suzgo.

Maso onse anatembenukira kwa ine. Kunena zoona anatembenukira ku jekete.

NyaZimba anandipatsa chitenje kuti ndimange m'chiuno. Ndinakana. Ndinali nditataya zambiri tsikulo, koma ndinati chitenje chokha ayi, pamaso pa apongozi. (Mwa zopusa zonse za tsikulo, ichi chinali chachiwiri kukula.) Ndinamasula mabatani a shati, NyaZimba n'kumandipatsa limodzilimodzi, ine n'kumaika pamimba, pamwamba pa lamba. Anali otentha ngati mbatata zootcha. Nditatseka shati ndi jekete ndinazindikira kuti popanda chitenje, chowagwira kuti asagubuduke ndi manja anga awiri.

"Musagwedezeke, adada," anatero NyaZimba. "Lero ndi tsiku la 18. Tembenuza: ayi."

Amayi anaseka chogwira pamimba, aliyense kuopa kuswa ake.

Ndiye taganizani. Ndakhala pa kampando pafupi ndi sikirini, miyendo pamodzi, manja onse pamimba, khosi lili njo. Kunja mayi a Wongani ali pamwamba pa chulu, foni kukhutu, akukuwa.

"Akuti musazule-zule futi! Akuti dinani mabatani atatu pamodzi, mubwelele ku mudima!"

Kumdima kuja kumene NyaZimba anasochera n'kumene kunali chipulumutso. Kumeneko chimphona sichifikako, ndipo munthu angathe kulemba lamulo lochichotsa. Koma alembe ndani? Katswiri manja anali otanganidwa. NyaZimba anakaniratu, akuti kumeneko sabwererako ngakhale amupatse mbuzi. Amayi enawo anayang'ana pansi.

Apongozi anatulutsa magalasi awo m'kathumba, aja omangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Anali ataonerera mwana wawo Suzgo akugwira makinawo ulendo woyamba, tsiku lililonse. Vuto linali lakuti ine sindikanasuntha, ndipo kiyibodi waya wake ndi waufupi. Anakoka kampando kena n'kukhala pambali panga, phewa ndi phewa. Ine ndinayang'ana kudenga, iwo anayang'ana kiyibodi.

Mayi a Wongani ankakuwa chilembo chimodzichimodzi kuchokera pa chulu, mayi wina woima pakhomo n'kumabwereza, apongozi n'kumachifunafuna ndi chala chimodzi. Mphepo inkaba zilembo zina panjira. "Akuti bii!" "Dii?" "Bii ya bakha!" Sikirini inada, tizilembo toyera tinaoneka, ngakhale kuti chilembo chilichonse chinkatuluka mochedwa ngati chikuchokera ku Chipata wapansi. Ndinaona apongozi akuzungulira ndi chala pamwamba pa kiyibodi kufunafuna chilembo chimene ine ndikanachidina nditatsinzina. Anachidutsa kawiri. Sindinapirire. Ndinachotsa dzanja limodzi pamimba kuti ndiwalozere.

Mazira anasuntha. Ndinamva limodzi likutsetsereka chakumbali.

Apongozi anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, koyamba chikwatirireni mwana wawo.

"Adada," anatero, "khalani waka."

Ndiko kuti, ingokhalani. Zaka khumi ndi chimodzi ndinkaganizira kuti tsiku limene adzandilankhule adzanena chiyani. Ndinkayembekezera mawu ena okhudza mmene ndasamalira mwana wawo. Ndinabwezera dzanja pamimba.

Ndinakhala choncho nthawi yaitali, mwina ola lathunthu, chifukwa foni inaduka kawiri ndipo lamulo loyamba linalakwika chilembo chimodzi. Mwendo wamanzere unachita dzanzi. Mphuno inayabwa, ndinangoipirira. Ndiye pakati pa zonsezo ndinamva kanthu. Pafupi ndi mchombo, dzira limodzi linagunda. Pang'ono chabe, ngati munthu akugogoda ndi chikhadabo. Ndinayesa ndi mimba yanga, koma linagundanso. Munali kanthu kamoyo mmenemo, kakudzitembenuza, kosadziwa za mitundu isanu ndi iwiri. Mpaka nthawi imeneyo ndinkangoganiza za manyazi anga. Apa ndi pamene ndinayang'ana amayi aja, atakhala pansi motsamira khoma, aliyense manja pamimba, osasekanso. Ena anayenda tsiku lathunthu kukapempha mazira amenewo kwa abale awo. Ndinachita mantha enieni, ndipo ndinapemphera chamumtima pemphero lalifupi lopanda Chingerezi.

"Akuti manje dinani cikulu cija ca kumanja!" anakuwa mayi a Wongani.

Apongozi anadina. Mizere yoyera inathamanga pa sikirini, yambirimbiri, chimphona chikutuluka ndi katundu wake yense. Atazimitsa ndi kuyatsanso, kakompyuta kanadzuka mopepuka. Anabwezera waya wa chotenthetsera. Tinadikira. Firiji inali itazizira tsopano.

"Tche!"

Sindinamvepo nyimbo yokoma ngati imeneyo. Amayi analulutira chapansipansi, osagwedeza mimba.

"Akufunsa ati kang'ono kaja muli nako?" anakuwanso a pa chulu.

"Kali pa fulashi pomwepo," ndinayankha, mawu ngati a mwana wogwidwa ndi shuga m'manja.

Kuika kakang'onoko kunatenga nthawi yochepa kuposa imene ndatenga kulemba chiganizo chino. Apongozi anagwira mausi ndi manja awiri, n'kudina fayilo ija. Inatseguka pomwepo, tsamba loyera, zilembo zakuda. Anapempha kuti zilembo zikule, mayi wa pakhomo anafunsa ku chulu, yankho linabwera, zilembo zinakula ngati za pa chikwangwani cha chigayo. Anafufuta "inde", analemba "ayi", n'kusunga. Mashelefu anaima mowongoka. Anavula magalasi.

"Basi?" anafunsa NyaZimba.

"Basi," anatero apongozi.

Kutentha kutabwerera pa kamzere kofiira, mazira anayamba kubwezedwa, mayi mmodzimmodzi. Ine ndinali womaliza. NyaZimba ankalandira, ine n'kumatulutsa m'shati. Khumi, khumi ndi limodzi, khumi ndi awiri, khumi ndi atatu. Ndinapapasa pamimba ponse. Ndinapapasa kumsana. Panalibe.

"Anali khumi ndi anayi," anatero NyaZimba.

Ndinaimirira pang'onopang'ono. Pamenepo ndinamva chinthu chofunda chikuyenda. Chinali chitadutsa pa lamba nthawi imene ndinatambasula dzanja ija, n'kukhala pa ntchafu. Tsopano chinatsika m'mwendo wa thalauzi, kudutsa pa bondo, kudutsa pa katumba, mosafulumira, amayi onse akuchitsatira ndi maso, mpaka chinakaima pa kakolo, pamene thalauzi linapisidwa m'sokosi.

NyaZimba anagwada, n'kumasula sokosi mosamala, n'kulitulutsa. Linali lamphumphu, lopanda ngakhale mng'alu. Analikweza m'mwamba ngati chikho cha mpira.

"Amama! Awiske Wongani aikira!"

Apongozi anatuluka m'kanyumbamo mofulumira kwambiri, chitenje chili kukamwa. Anakafika kuseri kwa nkhokwe, koma nkhokwe sibisa mawu. Anaseka mpaka kutsokomola.

Ndinabwerera ku boma tsiku lomwelo, ndikunena kuti kuntchito kuli zambiri. Masiku atatu otsatirawo ndinalakwitsa makalata a anthu kuposa chaka chonse. Lachiwiri masana mayi a Wongani anaimba ali pa chulu, ndipo asanalankhule ndinamva kale phokoso kumbuyo kwawo, amayi akuitanizana. Anapiye anali ataswa, ochuluka ndithu. Ena sanaswe. NyaZimba akuti ananena kuti ngakhale ulendo wa Suzgo ena sanaswe, ndiye pasakhale woloza chala. Ndinamuthokoza mumtima, ngakhale ndikudziwa kuti ena mwa amenewo ndinawapha ndine ndi mitundu yanga ija. Mwa khumi ndi anayi anga anaswa khumi ndi awiri, kuphatikizapo la m'sokosi. Akuti m'gulu lonse palibe amene anafungatira bwino kundiposa, ndipo amanena zimenezi kwa alendo, ine ndili pomwepo.

Suzgo sanandikalipire. Anangoti, "Mulamu, ninakamba kuti kameneko chabe," kenako n'kuseka mpaka foni inaduka. Apongozi anabwerera ku ulemu wawo wakale. Tikakumana panjira amapatukabe, kungoti masiku ano mapewa awo amagwedezeka akamapatuka.

Kapulogalamu koyera kaja kakugwirabe ntchito. Amayi onse a m'gululo anaphunzira kukatsegula, ndipo tsiku la 18 likafika amasinthana, aliyense ulendo wake. Palibe amene amandiitana.

Mwina mukuyembekezera kuti ndinene kuti ndinaphunzirapo kanthu. Ndinaphunzira ndithu: chinthu chaching'ono chimafuna katundu wamng'ono, ndipo uthenga ukatuluka pa sikirini uyenera kuwerengedwa. Koma ndisakunamizeni. Mwezi watha ndinapeza pa intaneti yolembera ina, yapakatikati, si chimphona ayi, yopepuka ndithu malinga ndi amene anaiyesa, ndipo ili ndi mitundu itatu yokha. Ndikukhulupirira ndi mtima wonse kuti kakompyuta kaja kangainyamule. Ndinauza mayi a Wongani kuti ndidzangoiyesa tsiku limene m'firijimo mudzakhale mopanda mazira, kuti pasakhale choopsa chilichonse. Iwo anakauza amayi awo.

Chiyambire tsiku limenelo, firiji ija sinakhalepo yopanda mazira ngakhale kwa ola limodzi. Anapiye akamatuluka m'mawa, masana ena alowa kale.